Mmene kolajeni amalerera maselo oumba mafupa

Aliyense amene anaphikapo mang'ina akudziwa zimene zimachitika poto akagona. Msuzi umene madzulo unali wamadzimadzi umapezeka m'mawa utagwirana, ukunjenjemera, ndipo ukaugwira umamata zala. Mafuta amakhala atayandama pamwamba paokha. Chimene chagwirana pansipo ndi kolajeni, puloteni imene inali m'chikopa, m'mitsempha ndi m'mafupa a ng'ombeyo, yomwe moto waimasula n'kuisungunulira m'madzi. Dzinali linachokera ku liwu la Chigiriki lakuti kolla, kutanthauza guluu, chifukwa anthu akale ankawiritsa zikopa ndi mafupa a nyama kuti apeze chomatira matabwa.

Kuti muone kolajeni wa m'fupa ndi maso anu, tengani fupa la mwendo wa nkhuku, mulimize mu viniga kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Viniga amasungunula kashiamu, ndipo chotsalacho chimaonekabe ngati fupa koma chimapindika ngati labala. Fupa lina muliponye pamakala mpaka liyere. Moto ukanyeketsa kolajeni, fupalo limakhala louma gwa, koma mukalifinya limanyenyeka. Pa kulemera kwa fupa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi mchere wa kashiamu ndi fosifeti. Zotsalazo ndi madzi ndi mapuloteni, ndipo pa mapuloteniwo pafupifupi 90 pa 100 alionse ndi kolajeni wa mtundu woyamba, mwa mitundu 28 imene thupi la munthu limapanga.

Aphunzitsi amakonda kufanizira fupa ndi nkhokwe yolukidwa ndi nsungwi kenako n'kumatidwa dothi: nsungwi ndiye kolajeni, dothi ndiye kashiamu, womanga ndiye selo lotchedwa osteoblast. Fanizoli n'labwino mpaka pamene likulekezera. Nsungwi siiuza womanga kanthu. Kolajeni amatero. Selo limamutulutsa, limamupondapo, kenako limamva kuchokera kwa iye ngati nthawi yoswana yatha, ngati likhwime, komanso mbali imene liyang'ane pomanga. Mwana amene selo labereka amatembenuka n'kukhala mlangizi wake.

Chingwe cha nkhosi zitatu

Kolajeni mmodzi ndi nkhosi zitatu zopotedwa pamodzi, ngati chingwe cha khonje. Mmodzi mwa anthu oyamba kuzindikira kapotedwe kameneka anali G. N. Ramachandran, yemwe pamodzi ndi Gopinath Kartha anakafotokoza mu 1954 ali ku Madras, mzinda wa ku India umene lero ndi Chennai. Nkhosi iliyonse ili ngati mkanda wa timikanda toposa 1,000, timene asayansi amati ma amino asidi, ndipo kamkanda kachitatu kalikonse kayenera kukhala glycine. Chifukwa chake n'cha malo basi. Pakatikati pa chingwe, pamene nkhosi zitatuzo zikukhudzana, m'pothina kwambiri, ndipo glycine ndiye wamng'ono kuposa ma amino asidi onse. Chingwe chonsecho n'chotalika mananomita 300 okha; nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita.

Nkhosizi zisanapotedwe, selo limayamba lasintha ena mwa ma amino asidi otchedwa proline kukhala hydroxyproline, ndipo ma enzaimu, mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi, amene amachita zimenezi amaima akasowa vitamini C. Kolajeni wosasinthidwa choncho amamasuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 24, chikhalirecho thupi la munthu limakhala pa 37. Ndiye kuti chingwe chimasomphoka chisanatuluke n'komwe m'selo.

Zotsatira zake anaziona amalinyero a George Anson, amene ananyamuka ku England mu 1740 pa ulendo wozungulira dziko. Anthu oposa 1,000 anafera panjira, ambiri a iwo ndi matenda a scurvy, obwera chifukwa chosowa vitamini C, omwe chizindikiro chake chodziwika ndi chiseyeye. Amene analemba mbiri ya ulendowo anasimba za munthu wina yemwe fupa lake linathyoka kalekale n'kulumikizana bwinobwino, koma scurvy itamugwira, polumikizira paja panasungunuka ngati sipanapolepo. Mu 1747 James Lind anayesa kupatsa odwala malalanje ndi mandimu m'sitima yotchedwa Salisbury, ndipo anachira msanga, ngakhale kuti vitamini C weniweniyo anadzadziwika patapita zaka pafupifupi 180. Nkhani ya fupa lomasukalo ikutiuza chinthu chimene ambiri sitichiganizira: fupa limagumulidwa n'kumangidwanso moyo wonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 chaka chilichonse kwa munthu wamkulu. Ogumula akapitiriza ntchito omanga ataima, zimaonekera.

Zimene zinaoneka m'mbale ya mu labotale

Umboni wakuti kolajeni amalangiza selo unachokera m'timbale tapulasitiki. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, asayansi a ku Japan anatenga maselo a m'chigaza cha kambewa kobadwa kumene n'kuwaweta mpaka anakhala mbewu yosatha, yotchedwa MC3T3-E1, imene malabotale padziko lonse akuigwiritsabe ntchito. Maselowa mukawaika m'mbale mopanda vitamini C amaswana bwinobwino, amadzaza mbale, koma amangokhala anamwali osavinidwa: sapanga mapuloteni a selo lokhwima, ndipo saika kashiamu. Mukathira vitamini C, amayamba ayala kolajeni pansi pawo. Pakapita masiku angapo, alkaline phosphatase amachuluka, kenako osteocalcin, zomwe ndi zizindikiro za osteoblast wokhwima, ndipo pomaliza timiyala ta kashiamu timaoneka.

Funso linali lakuti, kodi amene wakhwimitsa selo ndi vitamini C mwiniwake, kapena ndi kolajeni amene vitaminiyo wathandiza kupanga? M'zaka za m'ma 1990, Renny Franceschi ndi anzake ku America analekanitsa ziwirizi mwanzeru. Anapatsa maselo vitamini C wokwanira, koma n'kuwonjezera mankhwala olepheretsa kolajeni kupotedwa. Ena anawathira enzaimu yodya kolajeni aliyense wotuluka. Maselo sanakhwime. Vitamini analipo wambirimbiri, koma popanda kolajeni woti apondepo, uthenga sunafike. Kwa ine, mayeso amenewa ndiwo mtima wa nkhani yonseyi, chifukwa akusonyeza kuti selo limafunika kukhudza zimene lamanga lisanadziwe kuti ndi mmisiri.

Apa mpofunika kusamala ndi liwu lakuti kukula. Kwa selo la fupa, kukula kuli pawiri: kuswana kuti maselo achuluke, ndi kukhwima kuti selo lililonse ligwire ntchito. Ziwirizi zimalimbana. Gary Stein ndi Jane Lian, pofufuza maselo a makoswe cha m'ma 1990, anaonetsa kuti moyo wa osteoblast uli ndi nyengo zotsatana: yoswana, yokonza choyala chimene atulutsa, ndi yoika kashiamu. Kolajeni wambiri amapangidwa m'nyengo yoyamba, ndipo akaunjikana amathandiza kuti kuswanako kuzirale kuti nyengo yachiwiri iyambe. Choncho mukamva wina akunena kuti kolajeni amachulukitsa maselo a mafupa, wanena theka. Poyamba amapatsa selo pogwira kuti lisafe ndi kuti liswane. Akachuluka amaliuza kuti zakwana.

Selo lilibe maso

Nanga selo limadziwa bwanji chimene lapondapo? Pakhungu pake pali timanja totchedwa integrin, timene mbali imodzi timatulukira kunja, mbali ina tili m'kati titamangirizidwa ku timitsempha ta selolo. Tilipo tamitundumitundu, ndipo togwira kolajeni wa m'fupa ndi monga α2β1, α1β1 ndi α11β1. Sitigwira paliponse ayi. Ofufuza a ku Cambridge, motsogozedwa ndi Richard Farndale, anapeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti pa chingwe chonse chija pali malo ochepa ogwirapo, ndipo odziwika kwambiri ndi ma amino asidi 6 otsatana amene amalembedwa mwachidule kuti GFOGER.

Timanjati tikagwira, timasonkhana pamodzi n'kudzutsa puloteni ya m'kati yotchedwa FAK. Iyo imadzutsa inzake, uthenga n'kumapatsirana mpaka kufika kwa ERK, yemwe amalowa pachimake pa selo, posungira majini, n'kukatakasa puloteni yotchedwa Runx2. Ameneyu ndiye kapitawo wa ntchito yonse youmba fupa. Mu 1997, magulu a asayansi a ku Japan, Britain ndi America anasonyeza ukulu wake, ndipo ena a iwo anabereketsa mbewa zopanda Runx2. Timbewato tinabadwa ndi thupi lonse, koma m'malo mwa mafupa olimba tinali ndi zofewa zokhazokha, zonga za m'khutu ndi kunsonga kwa mphuno, ndipo tinafa titangobadwa chifukwa nthiti zake sizikanatha kukoka mpweya. Pamene gulu la Franceschi linatseka kamanja ka α2β1, maselo anapanga kolajeni koma Runx2 sanagwire ntchito yake mokwanira, ndipo kukhwima kunaima.

Chochititsa chidwi n'chakuti GFOGER amagwirika pokhapokha chingwe chili chopotedwa. Kolajeni wophikidwa, ngati wa mu poto wa mang'ina uja, ali ndi ma amino asidi omwewo mu ndondomeko yomweyo, koma nkhosi zake zamasuka, ndiye α2β1 sapezanso pogwira. M'malo mwake pamavundukuka malo ena amene anali obisika m'kati mwa chingwe, otchedwa RGD, ndipo amenewa amagwiridwa ndi timanja tamtundu wina, tonyamula uthenga winanso. Palinso cholandirira uthenga china pakhungu la selo, DDR2, chomwe nachonso chimafuna chingwe chopotedwa. Chimachedwa kudzuka, koma chikadzuka chimakhalitsa, ndipo ana obadwa ndi chilema pa jini lake amakhala ndi miyendo ndi manja zazifupi.

Selo silingogwira chabe, limakokanso. Likagwira kolajeni limadzikunga, ngati munthu amene akuyesa mlatho wa mtengo umodzi ndi phazi asanawoloke. Mu 2006, Adam Engler ndi Dennis Discher a ku University of Pennsylvania anatenga maselo aang'ono a m'mafuta a m'mafupa, amene angathe kusanduka mitundu ingapo ya maselo, n'kuwaika pa zoyala zitatu zonse zopakidwa kolajeni yemweyo, chakudya chimodzimodzi, kusiyana kulimba kokha. Pa choyala chofewa ngati ubongo, cha makilopasikali (muyezo wa kulimba) 0.1 mpaka 1, maselo anayamba kuonetsa zizindikiro za maselo a mitsempha ya ubongo. Pa chapakatikati, cha 8 mpaka 17, anayamba kufanana ndi a minofu. Pa cholimba, cha 25 mpaka 40, chofanana ndi kolajeni wa pafupa amene sanalandire kashiamu, anadzutsa Runx2 n'kulowera njira ya fupa. Atawathira mankhwala ofooketsa kukokako, kusiyana konse kunatha. Mbali ina ya kulimba kwa kolajeni m'thupi imachokera ku timfundo tolumikiza chingwe ndi chinzake, tomangidwa ndi enzaimu yotchedwa lysyl oxidase, yomwe imadalira kopa wa m'zakudya.

Ngakhale kayalidwe ka zingwezo kali ndi mawu. Maselo amagona motsata kumene ulusi walozera, ndipo kolajeni watsopano amamuyala molozera komweko. Mwana akathyoka mkono n'kuikidwa chikhakha, pothyokapo pamayamba pamera chofewa cholumikiza, kenako fupa lachangu limene ulusi wake wangopiringizana mulimonse. Limagwira, koma si lolimba kwenikweni. Chikhakha chitachotsedwa, ntchito imapitirira kwa miyezi ngakhale zaka, fupa lachangulo likugumulidwa pang'onopang'ono n'kuikidwa lina la ulusi wosanjikizana mwadongosolo, mzere uliwonse utapingasa unzake.

Nkhokwe ya mauthenga

Mu 1965, dokotala wa mafupa wa ku Los Angeles, Marshall Urist, anachita zofanana ndi za viniga zija. Anasungunula kashiamu yense m'zidutswa za mafupa pogwiritsa ntchito asidi, n'kukwirira zotsalazo m'minofu ya nyama monga akalulu, kutali ndi fupa lililonse. Patapita milungu, pamalopo panamera fupa latsopano. Urist anaganiza kuti m'chofewacho muli china chake choitana maselo, ndipo anadzachitcha bone morphogenetic protein, mwachidule BMP. Majini ake anapezeka mu 1988. BMP sanali kolajeni, koma timapuloteni tochepa kwambiri tokodwa mu ukonde umene kolajeni ndi anzake amaluka.

Zimenezi zinamasulira mwambi umene unavuta anthu: ogumula fupa akamaliza, omanga amadziwa bwanji pamalo pake? Maselo ogumula, otchedwa osteoclast, amathira asidi kuti asungunule kashiamu, kenako amadula kolajeni ndi enzaimu yotchedwa cathepsin K. Potero amamasula mauthenga amene omanga akale anakwirira, monga TGF-β, ndipo mauthengawo amaitana maselo aang'ono kuti abwere pa dzenjepo. Akafika amayala kolajeni watsopano, yemwe amakhala wofewa kwa masiku 10 kapena kuposerapo asanalandire kashiamu. Zingwe sizigundana nsonga ndi nsonga. Zimasiya timipata, ndipo ndondomekoyi imabwerezabwereza pa mananomita 67 alionse. M'timipata timeneti ndi mmene timiyala ta kashiamu timayambira kumera. Kashiamu kapena vitamini D akasowa, kolajeni amangounjikana wofewa, ndipo kwa mwana mapeto ake ndi matewe.

Ena mwa omangawo amadzikwirira okha m'zimene ayala. Amasanduka osteocyte, n'kukhala m'kachipinda kotsekeka kwa zaka zambirimbiri, atatambasula timizu tolumikizana ndi anzawo, akumvetsera kulemera kumene fupa likusenza. Maselo oposa 90 pa 100 alionse a m'fupa la munthu wamkulu ndi amenewa. Kuti atambasule timizuto amafunika kuboola kolajeni wowazungulira, ndipo mbewa zimene asayansi anazipatsa kolajeni wosadulika zinapezeka ndi tizipinda tambiri tapululu, eni ake atafa.

Madokotala a opaleshoni anatengerapo nzeru. Mu 2002, boma la America linavomereza BMP-2 wopangidwa m'fakitale kuti azigwiritsidwa ntchito polumikiza mafupa a msana, ndipo amamuika atamunyowetsa pa siponji ya kolajeni wa ng'ombe. Siponjiyo imasunga mankhwala pamalo amodzi, imapatsa maselo pogwira, kenako thupi limaidya. Si kuti zonse zinayenda bwino: mlingo wake ndi waukulu kwambiri kuposa wachilengedwe, ndipo odwala ena anatupa kapena kumera fupa pamalo osayenera.

Chingwe chikapotoka

Matenda amene amaonetsa zonsezi poyera ndi osteogenesis imperfecta, obadwa nawo, amene amagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa 15,000 mpaka 20,000. Mafupa amathyoka pa zinthu zazing'ono, nthawi zina pongomusintha mwana thewera, ndipo ambiri choyera cha m'maso mwawo chimaoneka chobiriwira ngati thambo. Odwala ochuluka amakhala ndi vuto pa limodzi mwa majini awiri opanga nkhosi zija, COL1A1 ndi COL1A2.

Pali chodabwitsa apa. Munthu amene limodzi mwa majini ake awiri a COL1A1, la kwa mayi ndi la kwa bambo, lazimiratu amapanga theka la kolajeni, koma yense ndi wabwino, ndipo matenda ake amakhala opepuka. Amene jini lake likugwira ntchito koma glycine mmodzi yekha walowedwa m'malo ndi amino asidi wamkulu amavutika koposa, mwina kufa atangobadwa. Chingwe chilichonse chimafuna nkhosi ziwiri za COL1A1, ndiye nkhosi zoipa zikasakanikirana ndi zabwino, zingwe zitatu mwa zinayi zimakhala ndi chilema. Vuto silithera pa kufooka kwa chingwe. Kolajeni wopotoka amatsakamira m'kati mwa selo n'kulidwalitsa; wotuluka sasunga bwino mauthenga, moti mu 2014 gulu la Brendan Lee ku Houston linapeza kuti m'mbewa zodwala matendawa TGF-β amagwira ntchito mopitirira muyezo. Oyeza mafupa a ana odwala amapeza omanga ali ambiri kuposa masiku onse, koma aliyense akumanga pang'ono, ndipo ogumula nawo ali pa liwiro.

Kum'mwera kwa Africa kuno nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. M'zaka za m'ma 1980, Peter Beighton ndi anzake a ku Cape Town anaona kuti mtundu wina woopsa wa matendawa ukupezeka kawirikawiri pakati pa anthu akuda a ku South Africa ndi Zimbabwe, mwa ana amene makolo awo onse awiri ali bwinobwino. Patapita zaka zambiri kunapezeka kuti ambiri mwa ana oterewa ku South Africa ali ndi chilema pa jini lotchedwa FKBP10, limene silipanga kolajeni koma puloteni yothandiza kumukonza. Makolo a ana ngati amenewa amakayikiridwa za nkhanza kapena kuuzidwa za ufiti, pamene gwero lake ndi kachinthu kosaoneka ndi maso kamene bambo ndi mayi onse ananyamula osadziwa.

Kolajeni amathanso kuwonongeka munthu atakula. Shuga akachuluka m'magazi kwa nthawi yaitali amamatirira pa zingwezo n'kumanga mfundo pamalo osayenera. Fupa limataya kupindika kwake, maselo amavutika kugwira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene odwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri amathyoka mafupa mosavuta ngakhale makina oyeza kuchuluka kwa kashiamu akusonyeza kuti zonse zili bwino.

Ndiye tizidya mang'ina ambiri, kapena tigule ufa wa kolajeni umene wadzaza pa Facebook? Zonse zimene tafotokozazi zikukhudza kolajeni wopotedwa, woyalidwa pamalo pake, amene selo likumukhudza. Wodyedwa safika kumeneko ali choncho. Mimba imamudula kukhala ma amino asidi ndi tizidutswa tating'ono, monga imachitira ndi nyemba, mazira kapena usipa. Tizidutswa tina timalowadi m'magazi, ndipo pali kafukufuku wochepa wa amayi osiya kusamba amene anasonyeza kusintha pang'ono kwa mafupa, koma wambiri amalipiriridwa ndi makampani ogulitsa ufawo, ndipo ine sindingauze agogo kuti atayirepo ndalama ya ndiwo. Selo limadzipotera lokha chingwe chake likapeza puloteni yokwanira, kashiamu wonga wa mu usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, dzuwa, ntchito yosenzetsa mafupa, ndi vitamini C.

Vitaminiyo ndi wosakhalitsa. Amawonongeka masamba akaphikidwa nthawi yaitali, makamaka akathiridwa soda kapena chidulo, n'chifukwa chake magwafa, malambe, mapapaya ndi mango odyedwa osaphika ndiwo odalirika. Munthu akamusoweratu, zizindikiro za scurvy zimayamba kuoneka pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Ng'ombe ya mang'ina ija ilibe vuto limeneli, mbuzi chimodzimodzi: zimadzipangira vitamini C m'chiwindi. Jini logwira ntchito imeneyo munthu ali nalo ndithu, koma linafa kalekale, monganso mwa anyani, apusi ndi mbira zoweta.